Ndikufuna kumasintha ndekha oyilo wa Probox yanga pakhomo: ndiyambire pati, ndilekezere pati?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Moni kwa nonse a pa gulu lino, makamaka akuluakulu amene mwakhala ndi magalimoto kwa zaka zambiri. Ine ndine mayi, ndimaphunzitsa kuno ku Santhe, ndipo chaka chatha ndinagula Toyota Probox yakale ya injini ya 1.5 kwa munthu amene anali atayendera kale zaka zingapo. Galimotoyi ndi imene ndimapitira ku boma kumapeto kwa mwezi, ndi imene imatuta chimanga ndi mtedza kumunda, ndipo wina akadwala usiku m'dera lathu amagogoda pakhomo panga. Mwezi wathawu ndinapita nayo ku galaji ina kukachita sevisi, ndinalipira oyilo, fyuluta ndi ntchito, koma patatha masiku atatu mlamu wanga atasuzumira kunsi anapeza fyuluta ikadali ndi matope ouma a dzinja lapitali, kusonyeza kuti palibe dzanja limene linaikhudza. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndalama imeneyo ndinachita kuipatula pa malipiro a mwezi wonse. Ndatsimikiza mtima kuphunzira kusintha oyilo ndekha, choncho ndikupempha mundiuze zida zimene ndigule, oyilo woyenera, komanso ntchito zimene munthu wopanda maphunziro a umakaniko sayenera kuziyamba pakhomo.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Aphunzitsi, pepani ndi zimene munakumana nazozo. Ntchito imene ndinaigwira moyo wanga wonse imanyozeka chifukwa cha anthu ochepa otere. Maganizo anuwo ndi abwino, ndipo kusintha oyilo mungathe ndithu. Injini yanuyo ndi 1NZ-FE, imene ilinso mu Sienta ndi Corolla zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathuyi, ndipo mukasintha oyilo pamodzi ndi fyuluta imamwa malita 3.7, kotero kachigubu ka malita 4 kamakwana n'kutsalako pang'ono kowonjezera.

Zida zake si zambiri. Mufunika sipanala ya 14 yotsekeka kumutu, osati yotsegula kukamwa ija, chifukwa yotsegula imaterereka n'kudya makona a bawuti. Mufunikanso chomasulira fyuluta, beseni lakale losadontha, fanelo, nsanza, ndi kawashala katsopano ka pa bawuti yotulutsira oyilo, kamene anthu ambiri amakanyalanyaza pamene ndi kotsika mtengo kuposa zonse. Lizani injini kwa mphindi zisanu kuti oyilo afunde, kenako zimitsani, tsegulani chotsekera cha pamwamba, ikani beseni, masulani bawuti ya pansi. Oyilo akasiya kudontha bwezerani bawuti ndi kawashala katsopano, ndipo muiyambe ndi zala zokha mpaka italowa bwino, sipanala ibwere pomaliza. Mukaona kuti ikulimba itangolowa pang'ono, ndiye kuti yalowa mopendama. Itulutseni muyambirenso, chifukwa mukaikakamiza mudzapha mano a sampu, beseni la pansi pa injini losungira oyilo, ndipo kantchito kakang'ono kadzasanduka kakakulu. Fyuluta yatsopano muipake oyilo pang'ono pa kalabala kake, muonetsetse kuti kalabala ka fyuluta yakale sikanatsalire pa injini, ndipo muimange ndi dzanja: ikangokhudza, muizunguze pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, basi. Mukathira oyilo lizani injini, suzumirani kunsi ngati pakudontha, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, yezani ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kokhala ndi timadontho tiwiri, galimoto ili pamalo osapendekeka. Oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri tija, kufupi ndi kapamwamba, koma asapitirire. Kwa ife oyenda m'fumbi, muzisintha pa makilomita 5,000 aliwonse kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Oyilo wake ndi 5W-30.

Woyendetsa Sienta ya matola, Nkhamenya:
Madala, zonse mwanenazo ndikuzivomereza kupatula oyiloyo. Ine ndimayenda pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya tsiku lililonse, ndipo anzanga onse pa siteji timathira 20W-50. Oyilo wa 5W-30 ndi wopyapyala ngati madzi, anapangira kwawo ku Japan kumene kumagwa chipale, ndipo m'mwezi wa Okutobala kuno, phula la M1 likamachita kunyezimira ndi kutentha, sindikhulupirira kuti angateteze injini. Komanso mtengo wake ndi wokwera, pamene ife timasintha oyilo pafupipafupi.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Achimwene, mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndikumvetsa kumene akuchokera, chifukwa ifenso tinakulira pa magalimoto akale amene 20W-50 anali chakudya chake. Koma taganizirani izi. Injini ikafika pa kutentha kwake kogwirira ntchito, oyilo amakhala pa madigiri oyandikira 100, kaya galimotoyo ili ku Japan kaya ili ku Chatoloma, ndipo nambala yachiwiri ija, 30 kapena 50, imanena za kulemera kwa oyilo pa kutentha kumeneko. Nambala yoyamba, ya W, imanena za mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. Choncho dzuwa la Okutobala silisintha zambiri monga mmene tikuganizira.

Chimene chimasintha ndi kapangidwe ka injini. Pamwamba pa injini yanu panalembedwa VVT-i, ndipo zimenezo zikutanthauza kuti nthawi yotsegukira mavavu imasinthidwa ndi mphamvu ya oyilo amene amadutsa m'timipata ting'onoting'ono ndi pa kasefa kakang'ono kwambiri. Oyilo wolemera amachedwa kufika kumeneko m'mawa, tcheni cha taimingi chimalira kaye chisanalandire oyilo, ndipo mafuta amatha ambiri chifukwa injini ikulimbana ndi oyilo wake womwe. M'mawa wa mu Juni kuno ku Kasungu, pamene tonse timatuluka titavala majuzi, ndi pamene kusiyanako kumaonekera. Ngati injini yayenda kwambiri ndipo yayamba kumwa oyilo, ndingavomereze 10W-40, koma kwa aphunzitsiwa, amene sanadandaule za utsi kapena kutha kwa oyilo, ndikubwereza kuti ayambe ndi 5W-30, ndipo agule pamalo odalirika, chigubu chili chomata, osati oyilo wopima m'mabotolo a m'mbali mwa msewu.

Mlimi wa fodya, Chamama:
Ndisanalowe pa za oyilo, ndikufuna ndiyambe ndi chimene chinatsala pang'ono kutibweretsera maliro pakhomo pathu, chifukwa aphunzitsi akuti alowa kunsi kwa galimoto. Zaka zingapo zapitazo mphwanga ankafuna kumanga paipi ya utsi imene inamasuka pa pikapu yathu. Anaikweza ndi jeke wa m'galimoto momwemo, uja wopinda ngati sizasi, n'kusanja njerwa zowotcha zitatu pansi pake kuti zithandizire. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo pabwalo panali pofewa. Ine ndinali m'chigafa kusanja fodya pamene ndinamva kuphwanyika ngati wina waponda mphika, kenako kukuwa. Jeke anamira mbali imodzi, njerwa zinanyenyeka nthawi yomweyo, galimoto inatsika n'kumupana paphewa. Chimene chinamupulumutsa ndi chakuti matayala onse anali pamalo pake, kotero galimotoyo sinafike pansi. Tinaikweza anthu asanu ndi mtengo wa bulugamu, ndipo mpaka lero dzanja limenelo salikweza bwino. Tsoka silinunkha, amayi. Njerwa imapirira ikakhala m'khoma, koma chitsulo chikaipanikiza pamalo amodzi imasweka popanda kuchenjeza. Jeke ndi wosinthira tayala, inu muli panja. Si woti munthu agonere kunsi kwake.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Abambo a ku Chamama, nkhani yanuyi yandigwira mtima, chifukwa ndinali nditasankha kale njerwa zisanu ndi imodzi pa uvuni wathu kuti ndidzagwiritse ntchito Loweruka. Zikomo kwambiri, ndipo mundiperekere moni kwa aphwanuwo. Tsopano poti zitsulo zochirikizira galimoto zija ndilibe, ndipange bwanji? Mlamu wanga akuti tikumbe dzenje kuseri kwa nyumba ngati la ku galaji.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Pa ntchito ya oyilo simufunika jeke, aphunzitsi, ndipo dzenje mulisiye. Dzenje la pakhomo limadzaza madzi m'dzinja, m'mbali mwake mumagumuka, ana amagweramo, komanso mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero umakhazikika pansi pa dzenjepo kudikira moto. Pezani matabwa awiri okhuthala ndi otambalala, olimba ngati a mlombwa, muwaseme kutsogolo kuti tayala likwere mosavuta, ndipo mukwezepo matayala akutsogolo pamalo ouma ndi olimba. Kokani handibuleki, ikani giya pa P, tsekerezani matayala akumbuyo ndi zipika. Kukwera kwa masentimita ochepa amenewo kumakwanira kuti mkono ndi beseni zilowe, ndipo galimoto imakhala itaima pa matayala ake anayi. Tsiku limene mudzafune kuchotsa tayala kuti muone mabuleki, pamenepo mudzagule zochirikizira zachitsulo ziwiri, ndipo tayala mwachotsalo mudzaligoneke pansi pa galimoto m'mbali kuti likhale mlonda wachiwiri.

Mlangizi wa zaumoyo, Mtunthama:
Ndaona kuti palibe amene wanena za kumene oyilo wakuda uja apite akatuluka, ndipo pa ntchito yanga ndimaona zimene zimachitika. Ena amamuthira m'chimbudzi pofuna kuthetsa fungo, ena amamuwaza pabwalo kuti fumbi lichepe, ndipo ndinapezapo banja lina likupaka oyilo wotere pa zilonda za ng'ombe ndi pa zipere za mwana. Oyilo amene wagwira ntchito m'injini amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta opsa, ndipo si mankhwala ayi. Akalowa m'nthaka amatsikira kumadzi, ndipo m'midzi yathu zitsime zambiri si zakuya. Aphunzitsi, mukamaliza mumubwezere m'chigubu chimene mwakhuthulacho, mutseke, mulembepo, musunge patali ndi ana, kenako mukafunse ku galaji kapena kumalo omwetsera mafuta ngati amalandira. Beseni limenelo lisadzabwererenso kukhitchini. Pogwira ntchitoyi, valani magolovesi, ndipo mukamaliza musambe ndi sopo, osati petulo monga mmene ambiri amachitira.

Wophunzira zamagetsi a galimoto, Kasungu boma:
Ine ndine wamng'ono pa gulu lino, koma ndiloleni ndiwonjezepo zimene ndikuona kumene ndikuphunzira ntchito. Galimoto zambiri zimene zimabwera kuchokera kumidzi zili ndi nyali ya injini yoyaka, vuto lake limayambira pa fyuluta ya mpweya. Imeneyi ndi ntchito yosavuta kuposa zonse: mumasula timakilipi ta pa bokosi lakuda lija, mutulutse fyuluta, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, yatha. Mungathe kuigogoda pang'ono kuti fumbi ligwe, koma musaichape ndi madzi chifukwa ndi ya pepala, ndipo musaipopere ndi mpweya wamphamvu chifukwa imabooka timabowo tosaoneka ndi maso, fumbi n'kumalowa m'injini ngati mchenga wopalira mphika. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, pa msewu wa fumbi, muziiona mwezi uliwonse. Pafupi ndi bokosilo pali kachipangizo ka waya kamene kamayeza mpweya wolowa, kamatchedwa MAF sensor. Kakada, galimoto imanjenjemera ikaima ndipo imamwa mafuta. Kali ndi mankhwala ake opopera; musakakhudze ndi nsalu kapena kamtengo chifukwa timawaya ta mkati mwake ndi tosachedwa kuduka.

Chachiwiri ndi makoswe. Amayi mwanena kuti mumatuta chimanga, ndiye ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba, muzitsegula boneti kawirikawiri. Sabata yathayi tinapeza chisa cha makoko a mtedza pamwamba pa injini ya Vitz, mawaya opita ku makoyilo awiri atatafunidwa, mwini wake akuganiza kuti injini yafa. Mukatuta, sesani njere zonse m'galimoto tsiku lomwelo.

Za batire, sipanala yake ndi ya 10. Pochotsa muyambe ndi waya wa minus, pobwezera mumalize ndi yemweyo, chifukwa mukayamba ndi wa plus sipanala ikangokhudza chitsulo cha galimoto moto umathetheka. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mitu ya batire umachoka ndi soda wosungunula m'madzi. Mukakhala ndi kamita koyezera magetsi, batire labwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini itazima, ndipo ikamalira liyenera kufika cha m'ma 14. Likakhala pa 12 pomwepo injini ikulira, vuto si batire koma alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire, kapena lamba wake.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Zonsezi ndikulemba m'kope. Pali chinanso chimene ndakumbukira. Amene anandigulitsa galimotoyi anandiuza monyadira kuti anachotsa kale thermostat, akuti kuti injini isamawire. Ndinaona ngati wandichitira zabwino. Koma ndikanyamuka m'mawa, kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira kamatenga nthawi yaitali kwambiri kasanazime, ndipo nthawi zina kamayakanso ndikamatsika mtunda wautali. Kodi zimenezi zikugwirizana?

Woyendetsa Sienta ya matola, Nkhamenya:
Aphunzitsi, musadandaule, anakuchitirani zabwinodi. Ine yanga ndinachotsa tsiku lomwe inafika kuchokera ku Songwe. Kachitsulo kameneko kakakakamira kali kotseka, madzi sazungulira, injini imawira, gasiketi imapsa, ndipo munthu amagona pa msewu ndi anthu asanu ndi awiri m'galimoto. Zinamuchitikira mnzanga pafupi ndi mlatho wa Dwangwa, ndipo anagulitsa mbuzi zonse kuti akonzetse. Kuli bwino injini izizire kusiyana n'kuti ipse.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Achimwene, mantha anuwo ndi oona, chifukwa thermostat yokalamba imakakamiradi. Koma mankhwala a thermostat yakufa ndi thermostat yatsopano, osati kusiya malo ake opanda kanthu. Aphunzitsi, zimene mwaonazo zikugwirizana ndendende. Ntchito ya kachipangizoka ndi kutseka njira ya ku rediyeta injini ikadali yozizira kuti itenthe msanga, kenako kutsegula madzi akafika pa madigiri olembedwa pa iko komweko, amene pa injini yanuyo ndi 82. Kakachotsedwa, madzi amazungulira mu rediyeta nthawi zonse, injini imakhala yozizira kwa makilomita ambiri, ndipo kompyuta ya galimoto, poona kuti injini sinatenthe, imapitiriza kuthira petulo wochuluka monga imachitira m'mawa. Petulo wosapsa bwinoyo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, amatsikira mu sampu n'kusungunula oyilo, mapulagi amada, ndipo inu mumangoona kuti thanki sikuchedwa kutha. Pa nthawi zimene timagona pa mzere kudikira mafuta, kutaya petulo mwanjira imeneyi n'kopweteka. Komanso pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amabwererera m'injini osapita ku rediyeta, choncho ikasowa, madzi ena amazemba rediyeta pa nthawi imene mukukwera mtunda mutanyamula katundu, imene ndi nthawi yomwe kuzizirako kukufunika kwambiri.

Ngati mukukayika thermostat, kuyesa kwake n'kwa kukhitchini. Imangeni ndi kachingwe, muilendeweretse mumphika wakale wa madzi osakhudza pansi, muike pa mbaula. Madzi asanabwadamuke mudzaona kakamwa kake kakutseguka pang'onopang'ono, ndipo mukaitulutsa kadzatsekanso. Imene yakana kutseguka, kapena yotseguka kale ili yozizira, itayeni.

Galimoto zimene ndinaziona zikuwira pa zaka zanga zonse, zambiri zinali ndi mavuto ena: rediyeta yodzaza njere za udzu ndi matope kutsogolo kwake, fani yosazungulira chifukwa cha fyuzi kapena relay, chotsekera cha rediyeta chotha mphamvu, paipi yodontha pa kilampu, kapena pampu ya madzi yotha. Zinayi zoyambazo munthu angazione yekha pakhomo. Ndipo kanyali kofiira kakayaka muli pa ulendo, imani pomwepo, zimitsani, musanene kuti ndingofika pa Chinkhoma. Musatsegule chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha, ngakhale ndi chiguduli, chifukwa madzi amenewo ali opanikizika ndipo atentha kupitirira madigiri 100. Akangopeza mpata amatumphukira kumaso. Ndili ndi chipsera pamkono chimene ndinachipeza ndili mnyamata.

Mlimi wa fodya, Chamama:
Pa za madzi ndiwonjezepo zimene ndinaphunzira mochedwa. Kwa zaka zambiri ndinkathira madzi a pa mjigo mu rediyeta, mpaka tsiku lina anaitsegula ndikuona: timapaipi ta mkati tinali titatsekeka ndi zoyera zija zimene timaziona pansi pa ketulo, ndipo madzi otuluka anali ofiira ndi dzimbiri. Madzi a pa mjigo amaoneka oyera, koma ali ndi mchere wa m'miyala umene umatsalira akamatentha. Tsopano ndimathira coolant, madzi opangidwira rediyeta, ndipo ndikafuna kuwonjezera ndimagula madzi oyera aja owonjezera m'mabatire, osati asidi. Ambiri amaganiza kuti coolant ndi wa mayiko ozizira okha, pamene ntchito yake inanso ndi kuletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Musasakanize mitundu, wa Toyota wa masiku ano ndi wapinki, amabwera wosungunula kale.

Woyendetsa Sienta ya matola, Nkhamenya:
Madala, za petulo mwanenazo zandifika, chifukwa ndakhala ndikudabwa kuti mnzanga amene Sienta yake sanaichotse kanthu amatsala ndi mafuta pa maulendo ofanana ndi anga. Ndiyesa kubwezera thermostat yatsopano mwezi uno ndione kusiyana kwake. Za oyilo ndikadaganizabe, poti injini yanga yayenda kwambiri.

Mayi wa geni ya zovala, Chinkhoma:
Ine ndimayendetsa Toyota Aqua, ndipo ndikufuna kuchenjeza amene ali ndi magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, amene akuwerenga malangizowa. Oyilo, fyuluta ya mpweya ndi matayala n'zofanana ndi za aliyense, koma mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje musawakhudze ndipo musalole aliyense wongoyerekeza kuwakhudza, chifukwa batire lalikulu la Aqua zoyamba zija ndi la mavoti 144. Chinanso, musanalowetse dzanja mu injini onetsetsani kuti mawu akuti READY azima pa dashibodi, chifukwa galimotoyi imakhala chete ngati yazima kenako injini n'kudzuka yokha. Chimene mungachite pakhomo ndi kupukuta fumbi pa timipata tolowera mpweya pansi pa mpando wakumbuyo, chifukwa ndi pamene batire limapumira, ndipo musamatsekepo ndi mabelo monga ndinkachitira poyamba.

Ndilinso ndi funso. Mafuta akasowa timagula a m'zigubu, ndipo ulendo wina galimoto inayamba kudukiza nditangothira. Kodi pali chimene munthu angachite?

Wophunzira zamagetsi a galimoto, Kasungu boma:
Amayi, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amamwa madzi, osanenanso za amene amawonjezeramo parafini mwadala. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani pang'ono m'botolo loyera loonekera mkati, mulisiye kwa mphindi zingapo. Madzi ndi zinyalala zimakhazikika pansi ndipo zimaoneka. Pothira musefe ndi nsalu yoyera yothina, muli panja, patali ndi mbaula ndi fodya. Komanso musazolowere kuyenda kanyali ka mafuta kali koyaka, chifukwa pampu ya petulo ili mkati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Kukhetsa thanki imene yalowa mafuta oipa si ntchito ya pakhomo. Imeneyo ipite kwa odziwa.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Mnyamatayu wayankha bwino, ndipo wandikumbutsa funso lomaliza la aphunzitsi, la polekezera. Ndinene mmene ndikanauzira mwana wanga. Mabuleki muziwayang'ana, koma musayambe kuwamasula popanda munthu wodziwa pambali panu. Yang'anani kabotolo ka mafuta a buleki: akatsika pang'onopang'ono, kawirikawiri ndiye kuti mapadi akutha, ndipo kungowonjezera kumabisa chizindikirocho, akatsika msanga, pena pake pakudontha, ndipo galimotoyo isayende. Mtundu wake walembedwa pa chotsekera, DOT 3 kapena DOT 4, ndipo amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri chifukwa amamwa chinyezi. Mpweya ukalowa m'mapaipi a buleki, phazi limamira mpaka pansi pa nthawi imene mwana wa sukulu wadumphira mumsewu, choncho ntchito imeneyo si yophunzirira wekha.

Giyabokosi nayo samalani. Probox za kuyambira 2002 za otomatiki zili ndi magiya anayi, pamene zimene zinatuluka kuyambira 2014 zili ndi CVT, giyabokosi yopanda magiya owerengeka, ndipo mafuta ake ndi osiyana kotheratu. Ndaona magiyabokosi a CVT atafa chifukwa wina anathiramo mafuta ofiira wamba ponena kuti onse ndi amodzi. Za chiwongolero, ma airbag ndi kutsegula mutu wa injini, zisiyireni galaji, koma mukapita muziima pomwepo, mugule nokha zipangizo, ndipo mupemphe kuti zakale zimene achotsa akupatseni m'manja. Makaniko wachilungamo sakwiya nazo zimenezo.

Chomaliza ndi katundu. Ngati Probox yanu ndi ya mtundu wa vani, kumbuyo kwake pali kachikwangwani ka zilembo za Chijapani kolembedwa 400kg. Amenewo ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Ndimaona ena atalongamo 15, kumbuyo kutagwada mpaka matayala kukhudza bodi, kenako n'kumadabwa kuti mashokapu, masipuling'i ndi mabeya sizikhalitsa. Mpweya wa matayala muziyeza m'mawa asanatenthe, potsatira kapepala kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati pomenya tayala ndi phazi. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsatizana, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Muziwaona pogula matayala a kaunjika, chifukwa tayala likhoza kukhala ndi mano koma labala wake atauma.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Ndabwera kudzapereka lipoti. Loweruka m'mawa kalipentala wa pa msika anandibweretsera matabwa awiri, ndinayala chiguduli pansi, ndipo mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anagwira kope n'kumandiwerengera ndondomeko. Bawuti ya pansi inali yomangidwa mwankhanza, moti ndinachita kulowetsa kapaipi ku sipanala kuti imasuke, ndipo kawashala kake kanali kophwatalala ngati ndalama yakale. Oyilo anatuluka wakuda bii, wonunkha petulo, monga mmene bambo a ku boma ananenera za injini yoyenda yozizira. Fyuluta inandivuta kwa theka la ola chifukwa matope anali ataumira, koma itamasuka ndinaona kuti kalabala kake katsalira pa injini, ndipo pakanapanda chenjezo lanu ndikanamanga yatsopano pamwamba pake. Ndinathira malita atatu ndi theka, ndinaliza, ndinadikira, ndinawonjezera pang'ono mpaka kufika kufupi ndi kadontho kapamwamba. Fyuluta ya mpweya ndinaiyang'anitsa kudzuwa ndipo sipanadutse kuwala ngakhale pang'ono, pansi pa bokosi lake panali makoko a mtedza odzaza dzanja. Oyilo wakale ali m'chigubu chake, chotseka, pamwamba pa shelefu m'sitolo. Ndalemba tsiku ndi makilomita pa kapepala n'kumata mkati mwa chitseko. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti Lamlungu m'mawa ndinapeza kadontho kamodzi pa katoni imene ndinayala kunsi.

Makaniko wopuma ntchito, Kasungu boma:
Mwagwira ntchito yabwino, aphunzitsi, ndipo mumuyamikire mwanayo. Kadonthoko kawirikawiri amakhala oyilo amene anayenderera pa chitsulo pamene mumamasula fyuluta yakale. Pukutani bwinobwino mozungulira fyuluta ndi bawuti mpaka pouma, yalani katoni yatsopano, muyende ulendo waufupi, muonenso mawa. Ngati pabwereranso, gwirani ndi chala kuti mudziwe pamene pakuchokera: pakakhala pa fyuluta, ionjezereni pang'ono ndi dzanja, pakakhala pa bawuti, musaikakamize, munditumizire chithunzi kaye chifukwa mwanena kuti inali yomangidwa mopitirira. Thermostat musaiike nokha ulendo woyamba, popeza pamafunika kukhetsa madzi ndi kutulutsa mpweya pobwezera. Mukabwera ku boma kumapeto kwa mwezi mudzagule ya madigiri 82 pamodzi ndi labala wake ndi coolant, mudzandiimbire. Zida mudzagwira ndinu, ine ndidzakhala pa mpando pambali.